Mtengo wa woponya wolandirira mu baseball: mkangano wa malonda a Aroldis Chapman

Pa 25 Julayi 2016, timu ya Chicago Cubs idapereka osewera anayi ku New York Yankees kuti itenge Aroldis Chapman, woponya mpira wa ku Cuba amene kontirakiti yake inkatha kumapeto kwa chaka chomwecho. Mmodzi mwa anayiwo anali Gleyber Torres, mnyamata wa ku Venezuela wa zaka 19 amene anali asanasewerepo mu ligi yaikulu koma ankaonedwa ngati mbewu yabwino koposa imene timuyo inkalera. Enawo anali Adam Warren, Billy McKinney ndi Rashad Crawford. Patatha miyezi itatu ndi masiku ochepa, Cubs idatenga chikho cha World Series chimene idachitenga komaliza mu 1908. Chapman adabwerera ku Yankees mu Disembala pa mgwirizano wa zaka 5 wa madola 86 miliyoni, ndipo Torres adatsala komweko nakhala katswiri. Kuyambira pamenepo anthu otsatira masewerawa sadagwirizanebe ngati Cubs idagula mwanzeru kapena idangochita mwayi. Mkanganowu sukutha chifukwa pansi pake pali funso lovuta kwambiri pa malonda onse a baseball, loti munthu amene amaponya mpira kwa mphindi zochepa kumapeto kwa masewero angayenere kugulidwa ndi chiyani.

Ntchito ya munthu ameneyu ndi yosiyana ndi ya woponya wina aliyense. Masewero a baseball amagawidwa m'zigawo 9, zimene eni ake amazitcha inning, ndipo m'chigawo chilichonse timu yoponya imafunika kutulutsa omenya atatu kuti nayonso ipeze mpata womenya. Woponya amene amayamba masewero amayembekezeka kupirira zigawo 5 kapena 6, nthawi zina kupitirira apo, kenaka amapuma masiku anayi asanaponyenso. Iye akatopa kapena akayamba kumenyedwa, mphunzitsi amaitana oponya olandirira, amene pa Chingerezi amatchedwa reliever, ndipo aliyense wa iwo nthawi zambiri amaponya chigawo chimodzi chokha. Mwa olandirirawo, amene amadaliridwa koposa amapatsidwa chigawo cha 9 pamene timu ikutsogola ndi mapointi ochepa. Ameneyu ndiye wotsekera, closer, ndipo ndiyo inali ntchito ya Chapman. Iye adatchuka chifukwa cha mphamvu ya mkono wake wamanzere, pakuti mu Sepitembala 2010 adaponya mpira umene udathamanga mailosi oposa 105 pa ola, pafupifupi makilomita 170, liwiro limene nthawiyo linali lisanayezedwepo mu ligiyo.

Amene amati woponya wolandirira sayenera mtengo waukulu amayambira pa masamu osavuta. Timu iliyonse imasewera masewero 162 pa sizoni, zimene zikutanthauza kuti oponya ake onse pamodzi amaponya zigawo pafupifupi 1,450. Woponya woyamba wodalirika amatenga zigawo 180 mpaka 200 mwa zimenezi, pamene wotsekera amatenga 60 kapena 70, zomwe sizifika n'komwe pa magawo 5 mwa 100 alionse a ntchito yonse. Akagulidwa kumapeto kwa Julayi, pamene msika wosinthana osewera uli pafupi kutsekedwa, ntchitoyo imachepanso chifukwa kumakhala kutatsala miyezi iwiri yokha. Chapman adaponyera Cubs zigawo zosakwana 27 mu sizoni imeneyo. Adaponya bwino kwambiri, pakuti ERA yake, umene ndi muyezo wa mapointi amene woponya amalola pa zigawo 9 zilizonse, inali 1.01. Koma timuyo idapambana masewero 103 ndipo idasiya matimu a m'gulu lake kutali, moti palibe angatsutse kuti ikadafika m'ndime ya mpikisano wa chikho ngakhale popanda iye. Akatswiri a ziwerengero ali ndi muyezo wotchedwa WAR, umene umayesa kuchuluka kwa masewero amene wosewera wawonjezera pa zipambano za timu poyerekeza ndi wosewera wamba amene angapezeke mosavuta. Pa muyezo umenewu wolandirira wopambana amafika pa 2 kapena 3 pa chaka, mwina 4 pa chaka chodabwitsa, pamene womenya wopambana amatha kufika pa 8 kapena 10.

Mbali ina ya sikelo kuli wosewera wachinyamata, ndipo kulemera kwake kumachokera ku malamulo a ligi. Wosewera akalowa mu Major League Baseball, imene ndiyo ligi yaikuluyo, timu yake imakhala ndi ulamuliro pa iye kwa zaka 6 asanakhale ndi ufulu wodzisankhira kopita, ndipo pa zaka zitatu zoyambirira amalandira ndalama zoyandikana ndi malipiro otsikitsitsa, amene mu 2016 anali madola 507,500 pa chaka. Choncho timu imene ikupereka mnyamata ngati Torres ikupereka zaka 6 za ntchito yotsika mtengo ya munthu amene amasewera tsiku ndi tsiku. Torres adasankhidwa m'gulu la akatswiri a All-Star mu 2018 ndi mu 2019, ndipo mu 2019 adamenya ma home run 38, kutanthauza mipira yomenyedwa mpaka kutuluka kunja kwa bwalo. Kukhala ndi wosewera wotero pa malipiro otsika kumasiyira timu ndalama zogulira osewera ena, ndiye chifukwa chake akuluakulu a matimu amaumirira anyamata awo ngati mbewu ya chaka chamawa imene munthu sadya ngakhale njala itavuta.

Mbiri ya masewerawa ili ndi mabala amene amachititsa matimu kuopa. Pa 30 Ogasiti 1990, Boston Red Sox idafuna wolandirira woti aithandize kumaliza sizoni, ndipo idatenga Larry Andersen, yemwe anali ndi zaka 37, kuchokera ku Houston Astros popereka mnyamata wina wa m'ligi zazing'ono dzina lake Jeff Bagwell. Andersen adaponya zigawo 22, adaponya bwino, ndipo Boston idatsogola m'gulu lake, koma Oakland idaigonjetsa masewero anayi otsatizana, Andersen nkuchoka. Bagwell adakhala ku Houston zaka 15, adamenya ma home run 449, adasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu National League, imodzi mwa mbali ziwiri za ligi yaikulu, mu 1994, ndipo mu 2017 adalowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a masewerawa. Patapita zaka 7 Boston yomweyo idadyerera timu ina mwa njira yomweyo, pamene idapereka wotsekera Heathcliff Slocumb ku Seattle Mariners nkulandira Derek Lowe ndi Jason Varitek, amene adadzakhala mizati ya timu imene idatenga chikho mu 2004. Mayina a Andersen ndi Slocumb amatchulidwa chaka chilichonse Julayi akafika, ngati chenjezo kwa aliyense amene mtima wake wayamba kuthamanga.

Palinso vuto lina limene kwa ine ndi lalikulu kuposa kuchepa kwa ntchito, ndilo kusadalirika kwa olandirira. Pa zigawo 60 zokha, mipira itatu kapena inayi imene yamenyedwa kunja kwa bwalo ingasandutse chaka chabwino kukhala choipa, ndipo nkovuta kusiyanitsa luso lenileni ndi mwayi. Ambiri mwa olandirira adayamba ngati oponya oyamba nalephera, chifukwa ali ndi mitundu iwiri yokha ya kaponyedwe, moti umodzi ukawathawa satsala ndi pothawira. Edwin Díaz adatsekera masewero 57 ku Seattle mu 2018, ndipo New York Mets idamutenga mu Disembala chaka chomwecho pa malonda aakulu amene adaphatikizamo Robinson Canó ndi mnyamata Jarred Kelenic. Mu 2019 ERA yake idakwera kufika pa 5.59, otsatira timuyo nkumamukuwiza. Mu 2022 munthu yemweyo anali ndi ERA ya 1.31, napatsidwa mgwirizano wa zaka 5 wa madola 102 miliyoni, kenaka adavulala bondo mu Malichi 2023 akukondwerera chipambano cha Puerto Rico ndipo sadaponye chaka chonsecho. Eric Gagné, amene mu 2003 adalandira mphotho ya Cy Young ngati woponya wopambana onse mu National League, adagulidwa ndi Boston mu Julayi 2007 ndipo kumeneko ERA yake idali 6.75. Boston idatenga chikho chaka chimenecho iye asadathandizepo kwenikweni. Timu imene ikugula wolandirira ikugula zigawo 25 zimene sizinachitike potengera zigawo 40 zimene zachitika, ndipo zonse ziwirizo nzochepa kwambiri kuti munthu azikhulupirire.

Dzina lenilenilo la wotsekera lilinso ndi mtengo wake umene sugwirizana nthawi zonse ndi luso. Chiwerengero chotchedwa save chidaganiziridwa ndi mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman, ndipo ligi idachivomereza mu 1969. Kawirikawiri chimaperekedwa kwa woponya amene wamaliza masewero atalowa timu yake ikutsogola ndi mapointi osapitirira atatu naponya chigawo chathunthu. Koma kuteteza mapointi atatu pa chigawo chimodzi si chinthu chovuta kwa woponya wa mu ligi yaikulu, moti munthu wa luso lapakatikati akapatsidwa chigawo cha 9 chaka chonse amatha kusonkhanitsa ma save 30. Billy Beane, amene ankayendetsa Oakland Athletics ndi ndalama zochepa, adazindikira izi msanga ndipo ankagulitsa otsekera ake mbiri yawo ikakwera nkuikapo ena. Mu Disembala 2002 adapereka Billy Koch ku Chicago White Sox natenga Keith Foulke, amene chaka chotsatira adatsogola mu American League ndi ma save 43, pamene Koch adalephera kusunga udindo wake. Kwa anthu oganiza ngati Beane, wotsekera ndi munthu amene timu ingamupange yokha, kenaka nkumugulitsa kwa amene sadathe kudzipangira wawo.

Koma otsutsa masamuwa nawo ali ndi mfundo zolimba, ndipo si anthu ongotengeka ndi mtima. Mfundo yawo yoyamba njakuti zigawo za masewero sizilemera mofanana. Pointi imene yalolezedwa m'chigawo chachiwiri timu ikutsogola ndi mapointi 7 siisintha kanthu, pamene pointi yomweyo m'chigawo cha 9 timu ikutsogola ndi imodzi ingagwetse masewero onse. Woponya woyamba sasankha nthawi yake, amaponya zilizonse zimene masewero abweretsa, koma wolandirira wopambana amasungidwa dala kuti alowe pamene pavuta. Katswiri wa ziwerengero Tom Tango adakonza muyezo wa kulemera kwa nthawi iliyonse ya masewero, ndipo pa muyezo umenewu wotsekera amaponya pa nthawi zolemera pafupifupi kawiri kuposa nthawi wamba. Zigawo zake 65 zimalemera ngati zigawo zoposa 100 za munthu wina. Kuonjezera apo, wolandirira wabwino akafika, amene anali wotsekera amatsikira ku chigawo cha 8, wa chigawo cha 8 amatsikira ku cha 7, ndipo amene amachotsedwa pa mndandanda ndi wofooka koposa onse. Ku Cubs, Héctor Rondón ndi Pedro Strop ndiwo adatsitsidwa motero, ndipo onse awiri adavulala mu Ogasiti, zimene zidapangitsa kuti kubwera kwa Chapman kukhale kofunika kuposa mmene kudaonekera tsiku la malondawo.

Mfundo yachiwiri, imene ndiyo mtima wa nkhani yonse, njakuti baseball ya mu Okutobala ndi yosiyana ndi ya miyezi 6 ya sizoni. M'ndime ya chikho mumakhala masiku opuma pafupipafupi chifukwa cha maulendo, ndipo palibe mawa loti mkono usungidwire. Wolandirira amene mu Juni amaponya kawiri kapena katatu pa sabata angathe kuponya pafupifupi m'masewero onse ofunika, ndiponso zigawo ziwiri m'malo mwa chimodzi. Gawo lake la ntchito limakwera kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Mariano Rivera wa Yankees, amene adatsekera masewero 652 pa moyo wake wosewera ndipo mu 2019 adakhala woyamba kulowa mu Hall of Fame ndi mavoti onse, adaponya zigawo 141 m'ndime za chikho ndi ERA ya 0.70, ndipo palibe amene angafotokoze zikho 5 zimene Yankees idatenga iye ali pomwepo osamutchula. Chapman adaponya m'masewero 13 a ndime imeneyi mu 2016. Pa masewero achisanu a World Series olimbana ndi Cleveland, Cubs itagonja kale katatu ndipo kugonja kumodzi kokha kukadaitulutsa, mphunzitsi Joe Maddon adamulowetsa m'chigawo cha 7, iye natulutsa omenya 8 omaliza nkuteteza chipambano cha 3 kwa 2. Usiku umenewo ndiwo Cubs idalipirira Torres, ndipo ndikukayika ngati panali wina m'timuyo amene akadatha kuchita zimenezo.

Apa ndi pamene ndimaona kuti funso loti wolandirira ndi wa mtengo wanji lilibe yankho limodzi, chifukwa mtengowo sukhala mwa woponyayo yekha koma mwa amene akumugula ndi nthawi imene akumugulira. Thumba la chimanga ndi lomwelo mu Meyi ndi mu Febuluwale, koma wogula wa mu Febuluwale amalipira zambiri ndipo sitinganene kuti wapusa. Kwa Yankees ya 2016, imene inali pakatikati ndipo mwayi wake wa chikho unali wochepa, miyezi iwiri ya Chapman inali yopanda phindu lenileni, moti kumugulitsa kunali kosavuta. Kwa timu imene ikulimbirana malo omaliza olowera m'ndime ya chikho, wolandirira angathandize pang'ono, koma kupereka tsogolo chifukwa cha mwayi wokayikitsa nkoopsa. Kwa Cubs, imene inali yotsimikiza kuti ikasewera mu Okutobala, imene inali ndi Addison Russell ndi Javier Báez pa malo amene Torres amasewera, ndiponso imene mzinda wake udadikira zaka 108, kuwonjezera pang'ono chabe mwayi wa chikho kunali ndi phindu limene WAR singaliyeze. Theo Epstein, amene ankayendetsa timuyo, adafotokoza malondawo ndi funso loti ngati si tsopano, ndiye liti. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo anyamata a m'ligi zazing'ono nthawi zambiri amakhaladi fodya wa pachala. Mwa atatu achinyamata amene Cubs idapereka, Crawford sadafike mu ligi yaikulu ndipo McKinney adangoyendayenda m'matimu osakhazikika. Kelenic, amene otsatira Mets adamulira kwambiri, sadakhale katswiri amene ankayembekezeka. Anthu amakumbukira Bagwell chifukwa chakuti anthu ngati iye ndi osowa.

Komabe sindivomereza kaganizidwe kofala koti chikho chikapezeka ndiye kuti malondawo anali olondola ndipo mkangano watha. Pa masewero achisanu ndi chimodzi, Maddon adalowetsa Chapman m'chigawo cha 7 timu ikutsogola 7 kwa 2, chinthu chimene ambiri adachidzudzula ndipo Chapman mwiniwake adanena pambuyo pake kuti sadagwirizane nacho. Mawa lake, pa 2 Novembala ku Cleveland, adalowanso m'chigawo cha 8 Cubs ikutsogola 6 kwa 3 ndipo mkono wake unali wotopa. Brandon Guyer adamenya mpira umene udalowetsa pointi imodzi, kenaka Rajai Davis, amene sankadziwika ndi mphamvu, adamenya home run imene idafananitsa masewero pa 6 kwa 6. Munthu amene adagulidwa kuti atseke chitseko ndiye adachitsegula pa usiku waukulu koposa. Adaponya bwino chigawo cha 9, mvula idaimitsa masewero kwa mphindi 17, ndipo Cubs idapambana 8 kwa 7 m'chigawo choonjezera cha 10 Ben Zobrist atamenya mpira wotsogoza timu. Mpira umodzi ukadagwera kwina m'chigawo chimenecho, malonda omwewa, opangidwa ndi anthu omwewo pa zifukwa zomwezo, bwenzi lero akutchulidwa pamodzi ndi a Andersen ndi Slocumb. Chiganizo chiyenera kuweruzidwa ndi zimene ochipanga ankadziwa tsiku lomwelo, ndipo potengera zimenezo ndimaona kuti Cubs inali ndi chifukwa chomveka, ngakhale idalipira mtengo wokwera kwambiri pa munthu wa miyezi itatu.

Malonda amene amandikhutiritsa kwambiri chaka chimenecho ndi a timu imene idagonja. Pa 31 Julayi, Cleveland idatenga Andrew Miller kuchokera ku Yankees yomweyo popereka anyamata anayi, otchuka mwa iwo ali Clint Frazier ndi Justus Sheffield. Mtengo wake unali wofanana ndi wa Chapman, koma Miller anali ndi kontirakiti yofika mpaka 2018 pa madola 9 miliyoni pa chaka, kotero Cleveland idagula ma Okutobala atatu m'malo mwa mmodzi. Chofunika koposa chinali kagwiritsidwe ntchito kake. Mphunzitsi Terry Francona sadamusungire chigawo cha 9, koma ankamulowetsa paliponse pamene masewero afika pothina, ngakhale m'chigawo cha 5, monga adachitira pa masewero oyamba olimbana ndi Boston. Miller adatulutsa omenya 29 osakhudza mpira moyenera pa zigawo zoposa 19 m'ndime imeneyo, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mndandanda wa masewero olimbana ndi Toronto. Cleveland inali itataya oponya oyamba awiri, Carlos Carrasco ndi Danny Salazar, chifukwa chovulala mu Sepitembala, ndipo nkovuta kuona mmene ikadafikira masewero omaliza a World Series popanda Miller. Mu Okutobala chaka chomwecho Baltimore Orioles idasonyeza mbali ina ya nkhaniyi. Zack Britton anali ndi ERA ya 0.54 chaka chimenecho, koma pa masewero amodzi ofunika kupambana basi olimbana ndi Toronto, mphunzitsi Buck Showalter adamusunga kudikira nthawi imene timu idzatsogole, ndipo nthawiyo sidafike, pakuti Edwin Encarnación adamaliza masewero ndi home run m'chigawo cha 11 Britton asanaponye mpira ngakhale umodzi. Phindu la wolandirira limadalira mphunzitsi kuposa la wosewera wina aliyense, ndipo timu imene ikumugula iyenera kudziwiratu ngati munthu wa pa benchi ali ndi mtima womugwiritsa ntchito moyenera.

Ogulitsa nawo amatha kulakwitsa, ngakhale masamu ali kumbali yawo. Pa 1 Ogasiti 2022, Milwaukee Brewers idapereka wotsekera wake Josh Hader ku San Diego Padres pamene inali pamwamba pa gulu lake. Kaganizidwe kake kanali ka Beane: malipiro a Hader ankakwera, kontirakiti yake inali pafupi kutha, anali atangoponya moipa mu Julayi, ndipo Devin Williams anali wokonzeka kutenga malo ake. Osewera anzake sadabise kukhumudwa kwawo, timuyo idazirala, ndipo idaphonya ndime ya chikho ndi masewero amodzi. David Stearns, amene adapanga malondawo, adavomereza pambuyo pake kuti sadayeze bwino mmene nkhaniyo idzakhudzire osewera. Komabe mmodzi mwa anyamata amene Milwaukee idalandira, Esteury Ruiz, adagwiritsidwa ntchito mu Disembala kutengera William Contreras, amene adakhala mmodzi mwa osewera odalirika a timuyo kwa zaka zotsatira, moti malonda omwewo amaoneka oipa munthu akawayang'ana kuchokera mu Okutobala 2022 ndipo amaoneka abwino akawayang'ana patapita zaka ziwiri.

Pa nkhani ya Chapman pali chinthu china chimene sichilowa m'masamu ndipo sichiyenera kubisidwa. Mu Okutobala 2015 adanenezedwa kuti adachitira nkhanza chibwenzi chake ndiponso kuti adawombera mfuti m'galaja ya nyumba yake ku Florida. Boma silidamuzenge mlandu, koma malonda amene Cincinnati Reds, timu yake nthawiyo, inkakonza ndi Los Angeles Dodgers adafera pomwepo, ndipo ligi idamuimitsa masewero 30 kumayambiriro kwa 2016, kukhala wosewera woyamba kulangidwa pansi pa lamulo latsopano lokhudza nkhanza za m'banja. Yankees idamutenga mu Disembala 2015 pa mtengo wotsika chifukwa cha nkhani imeneyi, nkumugulitsa patapita miyezi 7 pa mtengo wokwera. Aliyense amene amayamikira luso la Yankees pa malondawa ayenera kukumbukira kumene kutsika mtengo kudachokera. Otsatira Cubs ena adanena poyera kuti kubwera kwake kudawachotsera gawo la chimwemwe chawo, ndipo ine ndimaona kuti dandaulo lawo nlomveka ndipo ndi mbali ya mtengo umene timuyo idalipira.

Mkanganowu sudaletse matimu kulipira. Pa 31 Julayi 2025, San Diego idapereka Leo De Vries, mnyamata wa zaka 18 amene ankawerengedwa pakati pa opambana m'ligi zazing'ono zonse, pamodzi ndi ena atatu, kuti itenge wotsekera Mason Miller ndi JP Sears kuchokera ku Athletics. Kusiyana kwake ndi za Chapman nkwakuti Miller anali ndi zaka zingapo zoti akhalebe pansi pa ulamuliro wa timu, zimene zikusonyeza kuti ogula tsopano amafuna zaka, osati miyezi, akamapereka mnyamata wotero. Pa nthawi yomweyo, umboni woti chikho chingatsekedwe ndi munthu wotsika mtengo ukupitirira kuchuluka. Washington Nationals idatenga Daniel Hudson kuchokera ku Toronto mu Julayi 2019 popereka mnyamata mmodzi wosatchuka, ndipo Hudson ndiye adaponya mpira womaliza wa World Series chaka chimenecho.

Ku Cleveland usiku uja wa 2016, Chapman atachoka, Carl Edwards Jr. adayamba chigawo cha 10 natulutsa omenya awiri, kenaka Davis yemwe uja adalowetsanso pointi imodzi. Maddon adaitana Mike Montgomery, woponya wamanzere amene Cubs idamutenga ku Seattle pa 20 Julayi, kutatsala masiku 5 kuti malonda a Chapman achitike, popereka Dan Vogelbach ndi Paul Blackburn, ndipo malonda amenewo sadakambidwe kwambiri. Montgomery anali asanatsekerepo masewero ngakhale amodzi mu ligi yaikulu. Adaponya mipira iwiri kwa Michael Martínez, wachiwiriwo udagubudukira kwa Kris Bryant, amene adauponyera Anthony Rizzo, ndipo zaka 108 zidathera pamenepo. M'kaundula wa masewerowo, chipambano chidalembedwa pa dzina la Chapman ndipo save idalembedwa pa dzina la Montgomery.